Anatiika Pansi pa Mbuzi

Burbank, California
12 Malichi 2023

Okondedwa Ada ndi Ama,

Timoneni nonse kumeneko. Mwe uli? Ine kuno ndili bwino, chifuwa chija chinatha. Kodi denga la khitchini munakonza mvula isanakule? Ndalemba papepala monga mumafunira inu Ada, ndipo ndatumiza chithunzi chake pafoni ya a Hannah, mayi anga aang'ono, kuti akubweretsereni akamachoka ku loji.

Ndili ndi nkhani. Ntchito yoimba limba ku tchalitchi kuja ndinasiya mu Januwale. Ndalembedwa ku kampani yopanga makatuni a ana a pa TV. Ntchito yanga ndi kupeka nyimbo zomwe zimamveka chapansipansi zidolezo zikamalankhula kapena kuthamanga. Mwana akamaonera sadziwa n'komwe kuti pali nyimbo, koma mutaizimitsa sangaseke, sangachite mantha, sangamve chisoni.

Katuni yathu ndi ya banja la mbuzi lomwe lili ndi lesitilanti pa mwezi. Musaseke, Ama. Pali gawo lina lomwe kambuzi kakang'ono kasochera kutali, ndipo kakupalasa bwato kokha kufunafuna kwawo. Ndayesa zoimbira zonse za kuno, palibe chikugwira mtima. Pakufunika mawu a anthu akuitana munthu wawo kuchokera kugombe.

Ada, ndikupempha kwaya yanu. Nyimbo imodzi yokha. Kumapeto kwa chaka kampani imatulutsa chimbale cha nyimbo za m'katunimu, ndipo mawu a ku Chintheche akhoza kumveka dziko lonse.

Ndine mwana wanu,
Jackie

Chintheche
2 Epulo 2023

Mwana wanga Jacqueline,

Moni m'dzina la Ambuye. Kuno tili moyo. Denga ndinakonza.

Kalata yako ndaiwerenga mobwereza, poganiza kuti mwina maso andinamiza. Tsiku limene unkapita ku America kukaphunzira nyimbo, kwaya yonse inakuperekeza mpaka pa siteji, ikuimba. Ndinaimirira pamaso pa mpingo n'kunena kuti mwanayu akadzabwera adzatenga ndodo yanga yotsogolera kwaya. Lero ndiwauze chiyani? Kuti wasiya limba la m'nyumba ya Chiuta kuti uziimbira mbuzi zovala mathalauza?

Ukunena wekha kuti nyimbo zako zimamveka pansi, ndipo woonera sadziwa kuti zilipo. Kodi ndinakuphunzitsa solofa uli wamng'ono, ndikukumenyera mawu pa tebulo, kuti ukakhale chopondapo cha zidole? Ukuoneka wokondwa. Akulu anati mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Kwaya yanga yaimba ku Bandawe pamaso pa abusa ambirimbiri. Yaperekeza akhristu kumanda. Siidzaimbira ziweto ine ndili moyo, ndipo nkhaniyi usaibwerezenso.

Bwerera ku limba.

Ine bambo wako,
Enos Longwe

Chintheche
16 Epulo 2023

Jackie mwana wanga,

Uli bwanji kumeneko? Ukudya? Upirire Chichewa changa cha kusukuluchi, Chitonga ndimachidziwa pakamwa pokha, kulemba sindinaphunzire.

Kalata ya ada ako ndinaiona isanapite. Ndinangopitiriza kusenda chinangwa. Koma mtima sunakhale pansi.

Pali zina za ine zomwe mwina unangozimva patalipatali. Ndisanakwatiwe, ine ndi amene ndinkatsogolera chilimika ku Kande, gule wathu wa atsikana wa pa Chaka Chatsopano uja. Ukafunsa anthu akale za Nyamanda, dzina langa la kwathu, akuuza. Ndinkapeka ndekha nyimbo. Ada ako anandionera pa bwalo lomwelo, mpango uli m'manja, ndipo atangondikwatira anati mkazi wa mtsogoleri wa kwaya savina pabwalo. Ndinamvera. Kuchokera pamenepo ndimaima mzere wakumbuyo mu kwaya yawo, kumaimba zomwe andiuza.

Nyimbo yoitana munthu ndili nayo. Ndinaipeka mchimwene wanga Fiskani atapita ku Joni n'kusiya kulemba makalata. Imamuuza kuti bwato lake tikulisungabe pamthunzi, abwere chiswe chisanalidye. Sanabwere, koma nyimboyo ilipo.

Anzanga a gule uja ena anamwalira, ena alipo, amayanika usipa ku Kande. Mano anatha koma mawu alipo. Hannah akuti atithandiza kujambula. Tandiuza kuti tichite bwanji.

Ndine mayi ako,
Mavis

Burbank
20 Epulo 2023

Ama!

Ndawerenga ndili m'basi ndipo ndalira mpaka mzimayi wina wandipatsa kansalu. Bwanji simunandiimbireko nyimboyi zaka zonsezi?

Pezani chipinda chopanda phokoso. Foni ikhale pa mpando pakati panu, ng'oma ikhale kutali pang'ono kuti isakuphimbeni. Musayese kuimba ngati kwaya, imbani ngati muli kugombe. Mukalakwitsa musafufute, nditumizireni zonse.

Nanga Ada muwauza?

Jackie

Chintheche
11 Juni 2023

Jackie,

Moni. Kuno mwera wavuta, asodzi sakulowa m'madzi, ndiwo zasowa. Iwe uli bwanji?

Tajambula! Hannah anapempha abwana ake chipinda chosungira katundu ku loji. Tinaimika matiresi a alendo m'makoma monse kuti mafunde asamveke, ndipo tinadzazana mmenemo ngati usipa m'dengu, thukuta lili kamukamu. Mnzanga Christie Mhone anayamba n'kuseka, akuti, "Ine ndiimbire mbuzi ya ku America, yanga kunyumba sindinaiimbirepo!" Koma ng'oma itangolira, Jackie, miyendo inakumbuka yokha. Titafika pamene pamatchula bwato, mnzathu Kate anayamba kulira chifukwa nayenso wake anatsalira ku Joni. Hannah anafuna kuimitsa foni, ine ndinamukodola kuti asiye. Ndiye ukamva wina akusisima, ndi Kate.

Unafunsa ngati ndiwauza ada ako. Ndinawauza m'mawa womwewo ndikumanga chitenje. Anati, "Ndakaniza." Ndinati, "Mwakaniza kwaya yanu, ndipo kwaya yanu sindinaitenge." Anandiyang'ana ngati nkhuku yalankhula. Kuchokera tsiku limenelo amadya okha, ndipo akafuna madzi osamba amauza khoma.

Usadandaule za ine. Ingondiuza ngati zamveka bwino.

Mayi ako

Chintheche
22 Okutobala 2023

Jackie,

Ndikukhulupirira uli moyo, poti chilembere chako ndi mu Julaye muja unati nyimbo yalowa ndipo malipiro athu akubwera. Anafika, tinagawana bwinobwino, yewo. Koma si zimene ndikulembera.

Katuni yako taiona. Hannah anamva kuti ionetsedwa Loweruka masana pa TV ya ku loji, ndiye tonse tinasamba, tinavala zitenje zofanana, tinatenga adzukulu. Anthu enanso anatitsatira, asodzi, anyamata a kabaza, chipinda chinadzaza. Tinadikira mbuzi zikuphika, mbuzi zikugwa, mbuzi zikukangana m'Chingerezi. Kenaka kambuzi kaja kanalowa m'bwato, ndipo ndinamva mawu anga.

Mwana wanga, anali pansi ngati wailesi ya nyumba yachitatu. Tisanafike n'komwe pa bwato la Fiskani, kambuziko kanayamba kulankhula pamwamba pathu, kenaka kanalira mee, nyimbo n'kuthera pomwepo. Chipinda chonse chinaphulika ndi kuseka. Christie anadziphimba kumaso ndi chitenje.

Tsopano tili ndi dzina. Amatitcha amayi a mbuzi. Ndikadutsa pa msika wa Chintheche anyamata amalira mee kumbuyo kwanga. Dzana wina anandifunsa ngati ndikufuna msipu. Ndinamuyankha kuti inde, akandimwetere kwa amake. Sindiweramitsa mutu, koma usiku mtima umawawa.

Ndikufunse, ndipo undiyankhe zoona. Kodi mawu athu unachita nawo manyazi? Kodi azungu ako anati ndi oipa, ndiye unawabisa pansi? Ngati ndi choncho nena, ndine wamkulu. Koma kukhala chete kumeneku ayi. Kate akundifunsa tsiku lililonse ndipo ndilibe chomuuza.

Mayi ako

Chintheche
19 Novembala 2023

Jacqueline,

Moni. Sindidzachulutsa mawu.

Zomwe ndinanena zachitika. Amayi ako asanduka choseketsa kuyambira ku Kande mpaka ku Makuzi. Ine ndikaimirira kutsogolo kwa kwaya, anyamata a besi amaluma milomo kubisa kuseka. Lamulungu lapitali wina analira ngati mbuzi kunja kwa zenera tikuimba nyimbo yotsekera.

Akulu a mpingo aitanitsa amayi ako. Mlandu ndi wakuti mayi wa Umanyano, gulu la amayi a mpingo, wovala yunifolomu yoyera, wakaimba nyimbo za gule ndi ng'oma n'kuzipereka ku zidole. Ine ndine mlembi wa akuluwo, ndiye ndidzakhala pa tebulo pomwepo kulemba mlandu wa mkazi wanga. Ukumvetsa chimene wandichita?

Njira ilipo. Akaimirira pamaso pa amayi anzawo n'kupepesa, nkhani itha. Iwo akukana. Ine sakundimvera, koma iwe angakumvere. Walowetsa njoka m'nyumba ndiwe, uitulutse ndiwe. Alembere kuti apepese.

Ndiponso mwana sasiya amake miyezi yonseyi opanda kalata.

E. Longwe

Burbank
3 Disembala 2023

Ama okondedwa,

Pepani, pepani kwambiri. Makalata onse awiri ndinalandira. Ndinkati ndilembe ndikakhala ndi chokuuzani chogwirika, ndipo masiku anangopita.

Manyazi ndi mawu anu? Ama, tsiku limene ndinawaika koyamba mu situdiyo, munthu wosakaniza mawu anavula zomvera m'makutu n'kutuluka panja kukapuma. Pa TV nyimbo imayenera kutsika zidole zikamalankhula, ndi mmene ntchitoyi ilili, ngakhale nyimbo yapekedwa ndi ndani. Koma kulira kwa mee kuja kunalibe pamene ndinkapereka ntchito yanga. Anakuwonjezera pambuyo pake, akuti gawolo linachita chisoni kwambiri, ana angalire. Ndinakuonera pa TV ngati inu nomwe, ndipo ndinaponya nsapato.

Nkhondo yeniyeni inali ya chimbale. Mkulu wathu wa nyimbo, dzina lake Joel, anati m'chimbalemo mulowe nyimbo za Chingerezi zokha zomwe mbuzizo zimaimba, zoti ana azivina m'galimoto. Ndinati nyimbo yanu ilowe yathunthu, popanda wolankhula pamwamba pake. Anati, "Jackie, palibe amagula chimbale kuti amve nyimbo zapansi." Titakangana kwambiri anavomera kachidutswa, koma alembe kuti ndi nyimbo yamakolo ya ku Africa, yopanda mwini. Ndinati, "Mwini wake alipo, amadzuka m'mawa kukazula chinangwa, ndipo ndi mayi anga." Anati maina ambirimbiri ovuta kutchula angodzaza malo. Ndinamuuza kuti inu munalola nyimboyo kumveka pa TV basi, za chimbale chilolezo chili kwa inu, ndipo popanda maina simudzalola. Nkhaniyo inafika kwa akuluakulu a kampani, ndipo inatenga miyezi.

Tapambana, Ama. Chimbale chituluka pa 15 mwezi uno pa intaneti. Nyimbo yanu ili yonse, kuyambira ng'oma yoyamba mpaka kusisima kwa a Kate. Palibe mbuzi.

Joel wandiuza kuti chaka chamawa sadzandifunanso. Akuti ndine wovuta. Musandimvere chisoni, makampani a makatuni kuno ndi ambiri, ndipo kuvuta ndinatengera kwanu.

Nditumizireni msanga maina onse, aliyense mmene akufunira kuti lilembedwe.

Ada andipempha kuti ndikuuzeni mupepese. Sindikuuzani zimenezo. Ngati pali wopepesa ndi ine, chifukwa cha chete wanga, ndipo ndapepesa.

Jackie wanu

Kande
8 Disembala 2023

Jackie mwana wanga,

Taona pamwambapo, ndikulemba ndili ku Kande kwa Hannah.

Kalata yako inandipeza mlandu utachitika kale. Unali Lachinayi m'mawa, ku vesitili, chipinda chokumanira akulu a mpingo. Ndinavala yunifolomu yanga yonse, bulauzi yoyera ndinaisita bwino, duku loyera kumutu. Akulu anakhala mbali imodzi ya tebulo, ada ako kumapeto ndi cholembera, osandiyang'ana.

A Zacharia Kamanga ndi amene ankafunsa. Anati, "Amayi, mukuvomera kuti munaimba?" Ndinati ndinaimba. "Ndi ng'oma?" Ndinati ndi ng'oma, ndipo inalira bwino. Anati, "Mwachititsa manyazi mpingo ndi amuna anu. Mupepesa?"

Pa nthawiyo ndinkaganizabe kuti iwe unatibisa, ndipo anthu ankandiseka kumene. Kukanakhala kosavuta kungoti pepani. Koma ndinaganiza za Fiskani. Nyimbo ija ndinaiimbira mchimwene wanga, ndiye ndipepese kuti ndinamuitana? Ndinati, "Sindipepesa."

Anati ndiye yunifolomu ndiyambe ndaisiya kufikira mtima utafewa. Ankaganiza kuti ndikaivulira kunyumba mwakachetechete. Ndinamasula duku pomwepo, ndinalipinda bwinobwino, ndinayenda mpaka kumapeto kwa tebulo n'kuliika pamwamba pa pepala la ada ako. Ndinati, "Lembani kuti wapereka yekha." Ndinatuluka imvi zili pamtunda, ndinadutsa pamsewu waukulu choncho, anthu akuona. Madzulo ndinalongedza kachikwama n'kukwera minibasi.

Sikuti ndathawa ukwati. Chaka Chatsopano chayandikira, ndipo tagwirizana kuti chaka chino tivina chilimika ife eni ake, pamodzi ndi atsikana. Kuyeseza ndi tsiku lililonse, sindingamayende ulendo wa ku Chintheche m'mawa ndi madzulo kukapempha chilolezo kwa munthu wolankhula ndi khoma.

Kalata yako ndinawawerengera anzanga pa thandala la usipa. Christie anaimba nthungululu mpaka agalu anauwa. Za ntchito yako zandiwawa, koma sindikuuza kuti ukanagonja.

Maina Hannah akutumizira pafoni. Langa ulembe Mavis Manda. Nyimboyo ndinaipeka ndisanakhale Mayi Longwe.

Mayi ako

Chintheche
21 Disembala 2023

Jacqueline,

Moni. Mvula yayamba.

Trust, mnyamata wa tenala mu kwaya yanga, anandionetsa chimbale chako pafoni yake. Ndaona dzina limene mwalembapo. Ndinalowola mkazi ameneyo pamaso pa anthu, ndipo dziko lonse likuwerenga ngati ndi mbeta. Izi mwapangana awiri.

Nyimboyo ndinaimva. Trust anaiyatsa osandifunsa, ndipo sikukanakhala ulemu kumulanda foni. Sindinenapo kanthu.

Amayi ako ali ku Kande sabata yachiwiri tsopano. Khirisimasi yafika, kwaya ili ndi nyimbo zatsopano, ndipo alito alibe wowagwira. Nkhuku ziwiri zafa. Sindikudziwa kumene amasunga mankhwala anga a BP. Anthu akufunsa, ndipo ine ndatopa kunena kuti akudwazika m'bale wawo.

Auze abwere kunyumba. Za kupepesa tikambirana akafika.

Bambo wako

Burbank
22 Disembala 2023

Ada,

Ndakumvani, ndipo ndimakukondani. Mankhwala ali m'chitini cha tiyi pamwamba pa kabati.

Koma uthenga wanuwo sindinyamula. Ine ndili kutsidya kwa nyanja zikuluzikulu, inu muli pa Chintheche. Ku Kande minibasi zimapita tsiku lonse.

Khirisimasi yabwino.

Jackie

Chintheche
7 Januwale 2024

Jackie mwana wanga,

Chaka chabwino! Uli bwanji? Hannah wandiuza kuti kampani ina yakuitana kuti akamve nyimbo zako, zili pati? Undiuze msanga, usayambenso chete wako uja.

Tinavina, mwana wanga. Bwalo la ku Kande linadzaza mpaka ana kukwera m'mitengo. Atsikana anali kutsogolo ndi masiketi awo, ife akuluakulu pambuyo, koma itafika nyimbo yanga atsikanawo anapatuka okha n'kundisiyira pakati. Mawondo ankalira ngati chitseko chakale koma sindinawamvere. Chimbale chako anyamata a pa malo ometera akhala akuchiika pa sipika kuyambira Khirisimasi, ndiye anthu ambiri anali ataidziwa kale, ndipo ankavomera. Alipo ena analirabe mee chakumbuyo. Kate anatembenuka n'kuwavinira pamaso pawo penipeni mpaka anasowa poyang'ana.

Dzuwa lili pamutu Hannah anandikodola. Ndinayang'ana, ndipo ndinaona ada ako. Anabwera pa njinga, atavala jekete lakuda la pa Mgonero m'kutentha konse kuja. Anaima m'mphepete mwa munda wa chinangwa, atagwira njinga ngati wina awalanda. Ng'oma itapuma anayenda kudutsa pakati pa anthu, aliyense akuwapatsa njira. Anafika pamaso panga thukuta likutsika m'khosi. Anati, "Tiyeni kunyumba."

Ndinati, "Gule sanathe. Dikirani."

Ndinkaganiza kuti akwera njinga. Christie anawabweretsera mpando, anaukana. Anabwerera pa chinangwa paja n'kuimirira. Tinavina mpaka ng'oma inafunika kuiwambanso pamoto, tinayambiranso, ndipo nthawi yonseyo anali pomwepo. Sanaombe m'manja, sanamwetulire, koma sanachoke.

Titamaliza ndinawapatsa madzi. Ndinawauza kuti ndibwera Lachitatu ndikachapa zovala za gule, ndipo ndinabweradi Lachitatu, pa minibasi, ndekha.

Za kupepesa anayamba kuzitchula tsiku lomwelo. Ndinati nkhani imeneyo inathera ku vesitili. Ku tchalitchi ndikupita, ndimakhala pa benchi ya anthu wamba ndi chitenje changa, ndipo ndimaimba mokweza kuposa kale. Mu kwaya sindinabwerere.

Atsikana a kuno ku Chintheche abwera kudzandipempha kuti ndiwaphunzitse, akuti chaka chamawa asadzachite manyazi pamaso pa a ku Kande. Ndavomera. Ndayambanso kupeka ina yatsopano, ikatha ndikutumizira, uiike pansi pa chilichonse chomwe ukufuna, kaya ndi abakha. Tiyamba kuyeseza Loweruka likubwerali pabwalo pathu pano, kuseri kwa zenera limene ada ako amakhala akamalemba za mpingo. Ndawauza kale. Sanayankhe, ndipo ine sindinkafunsa.

Ndine mayi ako,
Mavis